Tenga Vayoliniyi, Selina

Kwa Nthache,
Mwanza.

Selina mwana wanga,

Mawa ukukwera basi ya ku Harare, koma kwa miyezi iwiri tsopano iwe ndi ine tikungopatsana moni ngati anthu okumana pachigayo. Wolakwa ndine, ndikudziwa. Ndayesa kangapo kuti ndikuitane tikhale pansi, koma ndikatsegula pakamwa pamatuluka mawu a mphunzitsi, a bambo ako amatsalira kukhosi. N'chifukwa chake masana ano ndabwereka cholembera kwa a Gwaza, aneba athuwa, ndathothola mapepala m'kope lako lakale la masamu, ndakhala pansi pa mtengo wa mango kuti ndikulembere. Zala zangazi zinazolowera nkhwangwa, ndiye usadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi. Uwerenge mpaka kumapeto, ngakhale pena pakupweteke.

Ukupita kukaphunzira ntchito imene ine ndinaigwira zaka khumi ndi ziwiri. Za moyo umenewo sindinakufotokozerepo bwinobwino. Umangodziwa kuti bambo ako ankaimba vayolini mu okesitira, gulu lalikulu lija la zoimbira zosiyanasiyana, ku Lorenso Maki, mzinda umene lero akuutcha Maputo, basi. Malangizo anzeru ndilibe, mwana wanga. Chimene ndili nacho chambiri ndi zolakwa zanga, ndiye ndikupatsa zimenezo kuti ukazidziwe zikamabwera, usakazibwereze.

Ndiyambe ndi agogo ako aamuna, amene sunawaone. Kwathu kuja, kuseri kwa Zobue, ankadziwika ndi kaligo. Nsambo imodzi yokha, kachikopa ka ng'azi, kauta kokhota, koma akayamba kuimba pamowa anthu ankaiwala chikho chili m'manja. Khutu ndinatengera iwowo. Wansembe wina wa pamishoni ataona kuti nyimbo ndikaimva kamodzi ndimaibwereza yonse, anandigwiritsa vayolini ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo nditakula ananditumiza kumzinda kukaphunzira. Nditalembedwa mu okesitira ndinabwera kumudzi patchuthi, nditavala jekete lakuda dzuwa likuswa mtengo, vayolini ili m'bokosi lake. Bambo anapita kukasamba m'manja, ndinawaona akusamba kawiri, kenako anabwera kudzakhala pafupi nane.

"Andireya," anatero, "tandigwiritsa chinthu chakochi ndimve kulemera kwake."

"Ayi bambo, ichi sichogwira aliyense. Si kaligo."

Anaseka pang'ono, n'kupukutira manja pakabudula ngati akadali onyowa. "Chabwino. Nanga tangotiimbira kamodzi, amayi ako amve."

"Nyimbo zake simungazimvetse. Zimafuna anthu ambirimbiri, ndiponso nyumba yake yoimbiramo."

Tsiku limenelo anali ataitana anzawo kuti adzaone mwana wawo wa kumzinda, koma kaligo sanamutulutse. Patatha zaka ziwiri anamwalira ine ndili kutali. Vayolini imene ukunyamulayi sanaigwirepo, sanaimvepo. Selina, kumene ukupitako ukakumana ndi ana a anthu olemera, amene anayamba kuimba ali ang'onoang'ono m'nyumba za magetsi. Tsiku lina adzakufunsa kumene unachokera. Ukawauze zoona: kuti ndiwe wothawa nkhondo, unakulira kwa Nthache, bambo ako amaotcha makala. Ndipo ukadzabwera patchuthi, aliyense amene angapemphe kuigwira, umugwiritse. Dothi limapukutika. Usaiwale zimenezi.

Tsopano za okesitira. Iwe wakhala ukuimba wekha, kapena ndi kwaya ya kutchalitchi, ndiye sukudziwa mmene zimakhalira. Tinalipo anthu ambiri zedi, aliyense ndi choimbira chake, koma akuda tinali atatu okha. A mavayolini tinkagawidwa magulu awiri: loyamba limanyamula nyimbo, lachiwiri limaiyalira pansi. Ine ndinali m'gulu lachiwiri, mzere wakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Timakhala awiriawiri, pepala la nyimbo limodzi, ndipo wamng'ono ndiye amatembenuza pepala mnzake akupitiriza kuimba. Mauta onse ayenera kukwera limodzi ndi kutsika limodzi. Ukamveka wekha ndiye kuti walakwitsa. Anthu oonera sadziwa dzina lako, amaombera m'manja mayesitiro, mkulu uja amaima kutsogolo ndi kandodo. Koma tsiku limene zonse zagwirana, mwana wanga, nyimbo imakulowera kumapazi kudzera m'matabwa, ndipo sudziwanso kuti liwu lako ndi liti, la mnzako ndi liti. Chimenecho ndimachisowa mpaka lero, ngakhale ndili pauvuni wa makala. Ndikufuna ukachimve ndi thupi lako.

Mnzanga wa pepala limodzi anali a Alubeto, bambo wachikulire wa ku Inyambane, mmodzi wa akuda atatu aja. Chaka changa choyamba ndinkasochera kawirikawiri. Pali malo amene gulu lathu limakhala chete nthawi yaitali, ukuwerenga chamumtima kuti ulowe pa nthawi yake, ndipo ine chiwerengero chinkanditayika. A Alubeto ankandigunda pang'ono ndi bondo nthawi yolowa ikakwana. Tsiku lina tikukonzekera konsati ndinalowa msanga, ndekhandekha, liwu langa n'kumveka holo yonse. Mayesitiro anaimitsa aliyense n'kufunsa kuti ndani. Ndisanapume n'komwe, a Alubeto anakweza uta wawo. "Ndine, pepani. Ukalamba." Anthu anaseka, nkhani n'kutha. Mayesitiro akadadziwa kuti ndine, akadandichotsa, chifukwa ndinali ndikadali woyesedwa.

Patapita zaka khumi dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Pa nyimbo zothamanga sizinkadziwika, koma pamalo ofatsa, pamene uta uyenera kuyenda pang'onopang'ono, unkadumphadumpha pansambo. Wodziwa kumene zikuchokera ndinali ine ndekha. Ndikadatha kuwaphimba. Pamalo oterowo iwo akadamangoyendetsa uta osakhudza kwenikweni, ine n'kuimba mokwanira anthu awiri, ndipo palibe akadazindikira. Koma nthawi yomweyo mpando unali utapezeka mizere iwiri kutsogolo, ndipo ine ndinali nditatopa ndi kutembenuza mapepala pafupi ndi chitseko. Mayesitiro atandiitanira mu ofesi n'kundifunsa ngati ndikudziwa chimene chikusokosa kumbuyoko, sindinazengereze n'komwe. Mwezi usanathe a Alubeto anawapumitsa ntchito, ine n'kupita kutsogolo.

Mpando umenewo ndinaukhalira chaka chimodzi ndi miyezi ingapo basi. Dziko litalandira ufulu azungu a mu okesitira anayamba kunyamuka, lero awiri, mawa asanu, mpaka tinatsala osakwanira kuimba chilichonse. M'mawa wina tinapeza chitseko chokhoma. Mlungu womwewo ndinakumana ndi a Alubeto pamsika, akuthandiza akazi awo kugulitsa nsomba zouma. Ndinafuna kukhota, koma anali atandiona kale.

"Andireya, kutsogolo kuja nyimbo imamveka bwanji?"

Ndinaweramitsa mutu n'kumayang'ana nsomba zija.

"Usavutike," anatero. "Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti ndiwe. Sunaname, dzanja linali litathadi. Ine ndimangofuna chaka chimodzi chokha, mwana wanga wotsiriza amalize sukulu."

Kenako anandikulungira nsomba ziwiri m'pepala, n'kundiuza kuti ndikapereke moni kunyumba. Sindinawaonenso. Selina, ukafika kumeneko adzakukhazikani m'mizere, ndipo mtima udzafuna kutsogolo. Si tchimo kufuna kutsogolo. Limbikira, udzapite ndi zala zako. Koma amene wakhala naye pepala limodzi ndi m'bale wako. Akasochera umugunde ndi bondo, akalakwitsa nkhope yako isasinthe, ndipo wamkulu akakufunsa za iye mseri, unene kuti unali kuyang'ana pepala. Mipando imatha, ndinaiona ikutha ndi maso angawa. Munthu amene unamupweteka ndiye satha m'mutu.

Chaka chimene ndinasunthira kutsogolocho ndi chaka chimene unabadwa iwe. Amayi ako, a Rozina, ndinawakwatira kumudzi n'kuwasiya komweko kwa makolo awo, ndikumati ndidzawatenga ndikapeza nyumba yabwino. Zaka zinayi ndinkawaona kamodzi pachaka. Telegalamu yonena kuti wabadwa movutikira, ndipo amayi ako ataya magazi ambiri, inandipeza Lachiwiri. Loweruka lake tinali ndi konsati yanga yoyamba pampando watsopano uja. Ndinaipinda telegalamuyo n'kuiika m'thumba la jekete. Ndinadziuza kuti ulendo wake ndi wautali, wa pamadzi mpaka ku Beira kenako wa panjanji, ndiye kunyamuka lero kapena Lolemba n'chimodzimodzi. Konsati itatha kunabwera ina. Ndinafika kumudzi uli ndi milungu itatu. Amayi ako anali atangoyamba kukhala tsonga, atatsamira khoma, milomo ili mbuu. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

"Mwabwera kudzaona mwana, kapena kudzationetsa suti?"

Ndinayamba kufotokoza za konsati, kuti kunali anthu akuluakulu, kuti sindikanatha kuchoka.

"Mukadapanda kukhalapo, anthuwo akadadziwa kuti mwasowa?"

Yankho ndinkalidziwa. A mavayolini tinalipo ambiri, mmodzi kusowa palibe akadazindikira. Koma m'kanyumba kaja bambo wa mwana anali mmodzi yekha, ndipo kunalibe. Dzina lako anakupatsa ndi agogo ako aakazi, atatopa n'kundidikira. Mwana wanga, ntchito imeneyi ili ndi bodza lake, imakuuza kuti ukachoka tsiku limodzi zonse zigwa. Sizigwa. Ukadzakhala ndi banja, uthenga wa matenda ukakupeza, tseka bokosi unyamuke. Usaiwale, Selina.

Okesitira itatha ndinabwera ku Tete, kumene ndinkaphunzitsa ana a sukulu kuimba, Loweruka n'kumakaimba m'maukwati. Ndipamene ndinakutengani nonse awiri. Tikayang'ana bwino, zimenezo ndizo zinali zaka zabwino za banja lathu, koma ine ndinazithera kunyinyirika kuti munthu ngati ine ndikuimbira anthu oledzera. Ndi kumeneko ndinayamba kukuphunzitsa uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, vayolini ikukukulira, dzanja losafika kumapeto. Nkhondo itakula, chakudya n'kusowa m'tauni, tinabwerera kumudzi. Zotsatira ukuzikumbukira, unali ndi zaka khumi ndi ziwiri: m'mawa uja utsi unaoneka kumudzi woyandikana nawo, anthu n'kuyamba kuthamanga opanda wofunsa mnzake. Koma pali chimene sunachimve, chifukwa unali kunja ukumanga mapoto. Ine ndinauza amayi ako kuti vayolini itsale. Bokosi lake linali lalitali, lakuda, anthu a mfuti akadationa nalo akadaganiza zina. Amayi ako sananditsutse. Anangoitulutsa m'bokosimo, n'kuikulunga m'chitenje, n'kuibereka kumsana ngati khanda. Uta anaupisa mumkeka umene unasenza iwe. Masiku awiri tikuyenda m'tinjira ta m'mapiri, amayi ena ankawafunsa kuti mwanayo bwanji sakulira. Iwo ankangoti, "Wagona."

Titafika kuno a Gwaza anatipatsa malo kuseri kwa munda wawo, anthu osatidziwa n'komwe, n'kutibwerekanso khasu ndi nkhwangwa. Tinalembetsa, tinalandira khadi la ufa ndi nandolo ngati anzathu onse othawa, ine n'kuyamba ganyu, kenako makala. Vayolini ndinaikulunga m'thumba la pulasitiki n'kuipachika kudenga. Ndinalumbira mumtima kuti sindidzaigwiranso. Zala zinali zitatupa, zitang'ambika, ndipo sindinkafuna kumva liwu limene zala zoterozo zingatulutse. Chaka chachitatu amayi ako anayamba chifuwa chija. Tsiku lina masana, iwe uli kusukulu, anandiitana ali gone pamkeka.

"Bambo a Selina, tatsitsani chinthu chija mundiimbire."

"Nsambo ziwiri zinaduka."

"Nanga ziwiri zatsalazo? Malemu bambo anu ankaimba ndi imodzi."

"Taonani zalazi. Ndikaimba lero zingokhala zamanyazi. Mukachira ndidzayamba ndakonzekera bwinobwino."

Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anati, "Manyazi mukuchitira ndani? Ine sindidziwa n'komwe kuti apa mwalakwitsa. Ndipo sindinabereke chinthu chimenecho masiku awiri kuti chizidyedwa ndi chiswe."

Anandipempha katatu, masiku osiyana. Katatu konse ndinapeza chifukwa. Anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Pamaliro paja, anthu akuimba, ndipamene ndinazindikira kuti ndachita chinthu chomwecho kawiri. Bambo anga ndinawakaniza chifukwa ndinkadziona wamkulu. Amayi ako ndinawakaniza chifukwa sindinkafuna aone kuti ukulu uja unatha. Konsekonse ndinkadziganizira ndekha. Kusukuluko adzakuphunzitsa kudana ndi kulakwitsa, ndipo n'koyenera, ntchito yake imafuna zimenezo. Koma munthu amene amakukonda akakupempha nyimbo, usadikire tsiku limene udzakhale wokonzeka. Imba pomwepo, ndi nsambo zimene zilipo. Chimenechi ndiye usachiiwale, ngakhale uiwale zina zonse zimene ndalemba.

Tsopano ndafika pa iwe. Patatha miyezi ingapo chichitikire maliro ndinkachokera kuuvuni, thumba la makala lili panjinga, ndipo ndili chapatali ndinamva liwu limene sindinalimve zaka zitatu. Unali utaitsitsa kudenga. A Gwaza anali atakukonzera nsambo ziwiri ndi waya wa mabuleki a njinga. Unkaimba kanyimbo kophunzirira kamene ndinakuphunzitsa ku Tete, ndipo unkakakumbukira konse. Ndinatsamiritsa njinga pankhokwe n'kuima pomwepo, misozi ikuyenda m'fumbi la makala. Kenako ndinapukuta kumaso, n'kulowa m'nyumba, ndipo ukukumbukira mawu anga oyamba. Ndinati, "Chala chachitatu chatsika." Basi. Kuyambira tsiku limenelo ndakuphunzitsa zaka zinayi, tsiku lililonse ukaweruka, usanatunge n'komwe madzi. Ndakumenyapo zala ndi pensulo. Ndakubwerezetsa mzere umodzi mpaka phewa kuuma. Ndafufuza m'mutu mwanga lero tsiku limene ndinakuuzapo kuti waimba bwino, ndipo sindikulipeza.

Kenako Sisitere Aginesi wa kuparishi anakumva pa Misa. Anakupezera nsambo zenizeni ku Blantyre, anakujambula pakaseti n'kutumiza kusukulu ya nyimbo ku Harare. Yankho litabwera, miyezi iwiri yapitayi, anabwera nalo yekha panjinga yamoto, a Gwaza n'kubweranso kudzamva. Tinakhala pakhonde, iwe ukubweretsa tiyi.

"A Andireya," anatero Sisitere, "mwana wanu amutenga. Mukuti bwanji, inu amene munamuphunzitsa?"

Ine ndinati, "Sanakonzeke. Zala ali nazo, koma khutu alibe. Akangochititsa manyazi kumeneko."

A Gwaza anazolika. Iwe unaika makapu pansi bwinobwino, osataya ndi dontho lomwe, n'kundifunsa kuti, "Ababa, ngati khutu ndilibe, zaka zonsezi mumandivutitsiranji?" Sindinakuyankhe. Mapepala a ulendo unayendera wekha ndi Sisitere, ine ndinangosaina pamene munandilozera.

Ndikukuyankha lero. Ndinanama, Selina. Khutu lako ndi labwino kuposa langa. Ndakhala pakati pa akatswiri zaka khumi ndi ziwiri, ndikudziwa chimene ndikunena. Unaphunzirira pa waya wa njinga, wopanda limba lokuongolera, koma liwu umaligwira pakati penipeni. Ine pa msinkhu wako sindinkatero. Pali zimene ukutsalira: dzanja lako lamanja limauma nyimbo ikathamanga, ndipo kuwerenga pepala lachilendo umachedwa. Zimenezo akakukonza m'chaka chimodzi. Koma chimene sichiphunzitsidwa uli nacho.

Ndinanamiranji? Ndakhala ndikudzifunsa pauvuni tsiku ndi tsiku. Sisitere akuwerenga kalata ija ndinayang'ana m'nyumba, ndinaona mikeka iwiri, ndipo ndinadziwa kuti utsala umodzi. Mantha anandigwira. Koma si mantha okha, ndipo izi n'zovuta kuti bambo alembere mwana wake: nsanje inalipo. Ukupita kumene ine ndinachotsedwa, ndi zala zosalala, moyo wonse uli kutsogolo. Kwa kanthawi kochepa kaja sindinakuone ngati mwana wanga, ndinakuona ngati munthu amene akundilanda mpando. Ndikhululukire, mwana wanga. Sindikupempha kuti uiwale. Ndikungopempha kuti mawu amene aja usapite nawo ku Harare. Tsiku lina mphunzitsi adzakudzudzula pamaso pa anzako, ndipo mumtima udzati, ngakhale bambo anga ananena. Bambo ako ananama. Pepala lino ukalisunge kuti likhale umboni.

Zotsalazi ndi zazing'ono, koma ndilembe ndithu. M'basi vayolini usaipereke kuti aike pamwamba ndi katundu, ngakhale kondakitala akalipe. Uifungatire pamiyendo, kutali ndi zenera, chifukwa dzuwa la ku Tete limasungunula ulimbo umene unaimata. Bokosi limene anakukhomera kalipentala wa ku Thambani ndi lolemera ndipo anzako mwina akaliseka, koma ndi lolimba, usafulumire kulitaya. Ukamaliza kuimba uzimasula uta ndi kupukuta utomoni pansambo. Uzikhala ndi pensulo nthawi zonse, ndipo zimene mphunzitsi wanena uzilemba papepala pomwepo, usadalire mutu. Pokonzekera uzifika ena asanafike. Phewa kapena dzanja likayamba kupweteka, siya, upume, ukauze munthu. Ndinaona anthu akubisa ululu poopa kutaya malo, mapeto ake n'kutaya dzanja. Uzidya. Ukakhala ndi nkhawa iwe umasiya kudya, ngati amayi ako.

Uphunzirenso ntchito ina ya manja, kaya kusoka, kaya kulemba pataipi. Sindikunena izi pokukayikira. Okesitira ndi chinthu chimene chimafuna mtendere ndi anthu okhuta, ndipo iwe waona wekha mmene ziwirizi zimathawira m'mawa umodzi. Ine tsiku limene tinapeza chitseko chokhoma sindinkadziwa ngakhale kusula mpeni. Ndiponso ukamaliza maphunziro n'kupeza kuti mpando mu okesitira palibe, usadzadzione wolephera. Kuphunzitsa ana ndi ntchito, kuimba paukwati ndi ntchito. Ine ndinazinyoza, ndipo kunyozako kunangondiwawitsa mtima pa zaka zimene ndikadasangalala nanu.

Za amuna sindidziwa kulangiza mwana wamkazi, akadakhalapo amayi ako akadanena bwino. Ndingoti, amene adzakufune umuyang'ane mmene amakhalira iwe ukamayeserera maola atatu chitseko chotseka. Ngati akwiya lero, adzakwiya koposa mukadzakwatirana. Koma iwenso uzidziwa nthawi yotsegula chitsekocho.

Basi ikadutsa pachipata n'kulowa ku Zobue, udzakhala ukuponda dziko lako koyamba chichokere. Akuti msewu uli bwino tsopano, mfuti zinaleka. Usatsike kupita kutchire basi ikaima, ngakhale pang'ono, chifukwa mabomba okwirira pansi aja sanazulidwe onse. Anzathu ambiri akubwerera kwawo miyezi ino, waona wekha mabanja akugwetsa zisakasa. Ine sindipita. Amayi ako agona kuno, ndipo a Gwaza anena kuti malowa ndikhalepo mpaka nditatopa nawo. Ndiye ukamalemba kalata uzitumiza kuparishi, Sisitere azindipatsira. Uzilemba ngakhale zinthu zisakuyenda, makamaka pamene sizikuyenda. Makolo ena amauza ana awo kuti usadandaule za ine, ukamva kuti ndadwala usasiye sukulu. Ine sindikuuza zimenezo. Ukadzamva kuti ndadwala kwambiri, ubwere. Ndidzafuna kukuona.

Vayoliniyi ndi yako tsopano, si yobwereka. Usadzaibweze.

Poyamba ndimati kalatayi ndiipise m'bokosi, pansi pa nsalu, kuti ukaipeze uli kutali, malire utadutsa kale. Ndaona kuti kumeneko kukhala kubisalanso, ndipo ndabisala mokwanira. Ndikupatsa pamanja tikatha kudya. Ine ndikakhala panja pabenchi. Ukamaliza kuwerenga utuluke. Ngati uli ndi mawu owawa unene onse, ndimvetsera osakudula. Ngati mawu ulibe, palibe kanthu, ungondiuza nthawi yoti ndipope njinga m'mawa, ndikakuperekeze kumalire.

Ndine bambo ako,
Andireya